Tsiku Limene Pikapu Yathu Inakana Kulira

Inu owerenga, amuna anga anamwalira masana dzuwa likuswa mtengo, chipatala chili pafupi, galimoto yathuyathu ili pakhomo, mafuta alimo, woyendetsa alipo. Nkhaniyi ndikati ndiyikambe pakamwa ndimalephera kuimaliza, ndiye ndaganiza zoilemba, mwina ingapulumutse wina. Dzina langa sinditchula. Zokwanira n'zoti ndine mkazi wamasiye, kwathu ndi ku Machinga, koma ndakalambira ku Chinsapo, mu Lilongwe muno.

Amuna angawo anthu ankangowatchula kuti bambo a Asiyatu, potengera mwana wathu woyamba. Ntchito yathu inali ya nsomba zouma. Iwo ankakapikula kunyanja, ine n'kumagulitsa pa benchi mumsika. Kwa zaka zambiri katundu wathu ankabwera pa matola, mpaka chapakati pa zaka za m'ma 2000 Mulungu anatiyang'ana, tinagula pikapu yakale yoyera. Sinali yokongola ayi, utoto unali utasupuka ndipo mkati munalowerera fungo la usipa mwezi woyamba womwewo. Koma mmene ankaisamalira bambo a Asiyatu! M'mawa kuipukuta, madzulo kuipukuta, mwana akatsamira pa chitseko ankamva mawu. Ine ndinkawaseka kuti ndikudziwa chipembedzo chathu chimalola mitala, koma sindinkayembekezera kuti mkazi mnzanga adzakhala wa matayala anayi.

Amuna anga anali ndi vuto limodzi, mphumu. Anabadwa nayo, ndipo inkawavuta kwambiri miyezi yotentha, fumbi likachuluka. Ankayenda ndi kamankhwala kopopera m'kamwa. Anamwino anandiphunzitsa kalekale kuti ikawagwira ndisamawagoneke, azikhala tsonga, mpweya uziwapeza, ndipo kopoperako kakalephera ndizithamangira nawo kuchipatala osadikira. Choncho pikapu itabwera, ine mtima unakhala pansi. Nsomba zinali nkhani ina, chachikulu kwa ine chinali chakuti mphumuyo ikadzabwera mwamphamvu, sitidzaimanso pamsewu n'kumakodola magalimoto a eni.

Kenako mnzawo wina wa bizinesi, amene ankakhala ku Chilinde, anaberedwa galimoto. Mphekesera zinali zoti anapereka njira ndi mphwake, amene ankadziwa pomwe makiyi ankagona. Kuyambira pamenepo bambo a Asiyatu anasintha. Galu akauwa ankasuzumira pawindo. Munthu akangoiyamikira pikapuyo, iwo ankamuyang'ana mpaka akhote. Mawu awo anali amodzi, akuti wakuba sachokera kutali.

Lamlungu lina anabwera ndi kajumbo kakuda, anatembenuza galimoto kuti iyang'ane kumpanda, n'kuphimba mawindo ndi masaka. Anali munthu wa luso la manja, mawailesi a anansi athu onse ankakonza ndi iwo. Nditawapititsira tiyi ndinaona atamasula waya wa batire, pampando pali tizidutswa ta mawaya ndi tepi yakuda, iwo atagona chagada mutu uli pansi. Ndinafunsa mwaulemu kuti chavuta n'chiyani. Anadzuka, n'kuima pachitseko ngati akubisa munthu.

"Mayi a Asiyatu, inu za nsomba, ine za galimoto. Mukadziwa inu ndiye kuti Chinsapo yonse yadziwa. Paja kotunga madzi kuja simusiyako nkhani."

Mwina ankangocheza, koma mawu amenewo anandiwotcha. Ine amene ndinawasungira zinsinsi zawo kuyambira ku Machinga, lero ndasanduka wailesi? Ndinatsitsa kapu mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira.

"Chabwino, mkazi wanuyo muzidziwana awiriwiri. Ine za galimotoyo sindidzafunsanso."

Inu owerenga, ine ndine munthu wosunga mawu, makamaka mawu olankhula nditapsa mtima. Sindinafunsedi. Mumtima ndinangoti akukonza pobisa ndalama za paulendo, poti opikula nsomba ambiri amatero. Madzulo ake iwo anayesa kundiseketsa, ine ndinawafulatira. Ndikuganiza kuti ndikanafunsanso tsiku limenelo, mtima wawo utazizira, akanandiuza. Koma iwo ankadikira kuti ndifunse, ine ndinkadikira kuti apepese, miyezi n'kumapita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Chiyambire tsiku limenelo, tikakhala ndi ulendo iwo ankatsogola okha, amati akukatenthetsa injini. Ine potuluka ndinkapeza ikulira kale. Chiwongolero sankapatsa munthu aliyense. Mwana wathu wamwamuna, amene mwina akanamukhulupirira, anali atapita kale ku Joni kukasaka ntchito, ndipo Asiyatu anali pabanja ku Balaka. Pakhomo tinalipo awiri basi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali Loweruka m'nyengo yotentha, akamvuluvulu akuzungulira m'misewu, wina chapafupi akuwotcha zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki. Bambo a Asiyatu anali pakhonde, akukhuthula masaka a usipa amene anabwera nawo dzulo lake. Ndinamva akutsokomola, kenako kupuma kwa mluzu kuja kumene ndinkakudziwa bwino. Anapopera mankhwala, osasintha. Anapoperanso, osasintha. Pomwe ndinkamaliza kuwamasula mabatani a malaya, anali atasiya kulankhula. Milomo inayamba kuda, mapewa akukwera ndi kutsika, mpweya osalowa.

Ndinathamangira kwa a Mbewe, aneba athu a kuseri kwa mpanda. Iwo anali dalaivala wa minibasi, ndipo mwamwayi tsiku limenelo anali pakhomo chifukwa minibasi yawo inali ku garaja. Anabwera osavala n'nsapato zomwe. Tinawanyamula amuna anga n'kuwakhazika kutsogolo. Pikapu ija inali ya mpando umodzi wautali, choncho a Mbewe anakhala pa chiwongolero, odwala pakati, ine kuchitseko nditawakumbatira kuti asagwe. Kiyi ndinachita kutulutsa m'thumba la thalauza la amuna anga. Kuchokera kwathu kupita kuchipatala cha ku Likuni si ulendo ayi, ndipo mumtima ndinati tapulumuka.

A Mbewe anapotokola kiyi. Injini inazungulira, khwekhwekhwe, koma osalira. Anapotokolanso, chimodzimodzi.

"Mayi, imachita chonchi galimotoyi?"

"Ayi abambo, dzulo lomweli yachokera kunyanja!"

Anthu anali atayamba kusonkhana. Amene mumakhala m'makomboni mukudziwa kuti galimoto ikakana kulira, mwamuna aliyense wodutsa amasanduka makaniko. Wina anatsegula boneti n'kuyamba kugogoda mitu ya batire ndi mwala. Wina anati ndi zinyalala m'mafuta, anazula kapaipi n'kuyamwa petulo ndi pakamwa, n'kulavula. Kenako onse anagwirizana pa mankhwala amene tonse timawadziwa.

"Tiikankhe! Ilira pompano iyi!"

Msewu wa kwathu, ukatuluka pageti, kumanja umakwera kupita ku tala kumene kumadutsa maminibasi, kumanzere umatsetsereka kupita kudambo. Galimoto yokankha imafuna kotsetsereka, ndiye anaikhotetsera kumanzere. Anakankha, ikuthamanga, a Mbewe n'kusiya kilatchi. Inagwedezeka, n'kungoti zii. Anakankhanso, n'kukankhanso. Ulendo uliwonse unkaoneka ngati ndi womwewo woti ilira, choncho palibe anaganiza zothamangira kumsewu kukaimitsa galimoto ina. Mafoni a m'manja nthawi imeneyo anali a anthu owerengeka. Fumbi la mapazi a okankha linkalowa pawindo limene ndinatsegula kuti odwala apeze mpweya, ndipo tinkangotalikira tala.

Tsopano mvetserani zimene zinkachitika mkatimo, chifukwa n'zimene zandilembetsa nkhaniyi. Chiyambire pamene a Mbewe anapotokola kiyi koyamba, bambo a Asiyatu ankangowerama. Ankagwetsa mutu kumaondo, dzanja lamanja likutsikira pansi. Ine ndinkaona ngati akukomoka, ndiye ndinkawakoka n'kuwatsamiritsa kumpando monga anandiphunzitsira anamwino. Akawerama, ine kuwadzutsa. Akawerama, ine kuwadzutsa. Ankatsegula pakamwa, koma munalibe mpweya woti n'kunyamula ngakhale liwu limodzi. Nthawi ina anandimenya padzanja. Munthu amene sanandikwezerepo mkono m'banja lathu lonse anandimenya, n'kundiyang'ana ndi maso ofiira, otuluka, ngati akundipempha chinachake. Ine ndinati ndi ululu. Ndinawagwira manja onse awiri, n'kuwapanikiza pachifuwa panga ndi mphamvu zanga zonse.

"Pepani bambo a Asiyatu, khalani tsonga. Limbani mtima, tifika pompano."

Analimbana nane pang'ono, kenako mphamvu zinayamba kuchepa. Ine, kupusa kwanga, ndinathokoza Mulungu kuti adekha.

Anatidzutsa kutulo ndi amayi ena ogulitsa makala kumunsi kuja. Anasuzumira pawindo, n'kuwatembenukira azibambo aja.

"Inu, mukulimbana ndi chitsulo munthu akufa? Munyamuleni!"

Mpamene anawatulutsa, n'kuwanyamula pamanja kukwera chitunda chonse chimene tinatsika chija. Ine ndinkathamanga pambuyo, chitenje chili m'manja. Pa tala panaima lole ya njerwa, ndipo dalaivala wake, Mulungu amudalitse kumene ali, sanafunse zambiri. Titafika kuchipatala anamwino anathamanga nawo, anayesetsa, ndinawaona ndi maso anga. Patapita kanthawi adokotala anatuluka, n'kundiuza mofatsa kuti tafika mochedwa.

Ife Asilamu sitisunga maliro. Mawa lake anali atalowa kale m'manda. Akazi sitipita kumanda, choncho ine ndinangoona jeneza, chonyamulira maliro chija, ikukhota pa ngodya ya mpanda, basi kunali kutsanzikana komweko. Pikapu ija achinyamata anaikankha kuibweza pakhomo, n'kuisiya pansi pa windo la kuchipinda kwanga.

Kenako ndinalowa eda, miyezi ija imene mkazi wachisilamu amakhala pakhomo osayendayenda mwamuna akamwalira. Masiku oyamba nyumba inali yodzaza. Sadaka yopempherera malemu itatha, abale anabwerera ku Machinga. Asiyatu anakhala nane mpaka apongozi ake anayamba kutumiza mauthenga, nayenso anapita. Mwana wa ku Joni uja sanabwere, mapepala ake sanali bwino, anangolira nane pa foni ya aneba. Ndinatsala ndekha m'nyumba imene ndinazolowera kumvamo munthu akutsokomola.

Kusungulumwa ndinkangokumva kwa ena, koma m'miyezi imeneyo ndinakudziwa. M'mawa ndinkapezeka ndatenga makapu awiri. Ndikamva galimoto ikubwera ndinkadzuka kuti ndikatsegule geti, n'kukumbukira ndili pakhomo kuti yathu ili pomwepo, matayala akuphwa, nkhuku za eni zikusamba fumbi pansi pake. Tsiku linkatalika moti ndinkasesa pabwalo posesa kale. Panalibe woti ndikangane naye, ndipo ndinazindikira kuti ngakhale mkangano ndi chuma.

Kunjaku nako anthu sanagone. Galimoto yabwinobwino ingakane bwanji kulira tsiku lomwe mwini wake akufa? Ena anati anzathu a mumsika anatichita chipongwe chifukwa cha nsanje. Ena, ndipo awa ndi amene anandipweteka, anati pikapuyo tinaipeza ndi mankhwala, ndiye yatenga malipiro ake. Amayi amene tinkadyera limodzi anayamba kuchepa pakhomo panga. Ana akadutsa pageti ankathamanga. Ndisaname, nanenso ndinafika poiopa galimotoyo, ndinkatseka katani kuti ndisaione.

Eda itatha, alamu anga, ang'ono awo a malemu, anabwera kuchokera kumudzi. Tinagwirizana kuti pikapuyo igulitsidwe, poti panalibe woiyendetsa. Koma ndani angagule galimoto yosalira? Anakatenga munthu wokonza mawaya a galimoto ku Biwi, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. A Mbewe atamva boneti ikutsegulidwa anabweranso kudzaonerera, chifukwa nkhaniyi inkawadya mumtima iwonso.

Bambo uja anaika batire lina, anayesa kuliza, n'kupukusa mutu. Anati moto sukufika ku injini. Anayamba kutsata mawaya mmodzimmodzi, mpaka anapeza wina wooneka watsopano pakati pa akale. Anatsata ameneyo kulowa naye mkati, anakweza kapeti wa pansi, n'kukwera kukhala pakati pa mpando. Ndinamumva akuseka pang'ono.

"Mayi, galimotoyi ilibe vuto. Eni ake anaika swichi yobisika, ya akuba. Ukapanda kuidina, ngakhale mukankhe mpaka ku Dedza siingalire."

Anapitiriza kuwayamikira malemu, akuti ntchito yake inali yaukhondo. Fyuzi anaika, polumikiza mawaya anawotcherera n'kukulunga bwino ndi tepi, waya anadutsitsa kutali ndi zitsulo zakuthwa. Anati ambiri amangosenda waya ndi mano n'kupotapota, mapeto ake galimoto imayaka moto pamsewu, koma awa ankadziwa chimene akuchita. Kenako anauza alamu anga kuti agwire kiyi. Bambo uja anawerama, mutu kumaondo, dzanja lamanja n'kulitsitsira pansi pa mpando. Ndinamva kuti thapu. Alamu anapotokola kiyi, injini inatsokomola pang'ono, n'kulira.

Inu owerenga, ine sindinkamvanso injiniyo. Ndinkangoyang'ana mmene bambo uja anakhalira. Malo omwewo, kuwerama komweko, dzanja lomwelo. Amuna anga sankakomoka. Ankafuna kudina kaswichi kaja, kanali pansi pawo penipeni, ndipo chala chawo chinkatsala pang'ono kukafika. Ndinatembenuka, maso anga anakumana ndi a a Mbewe. Iwo anali m'galimotomo tsiku lija, anaona zonse. Anavula chipewa, n'kutuluka pageti osatsanzika. Mpaka pamene anasamukira ku Area 25, tikakumana tinkangopatsana moni maso ali pansi.

Alamu anga ankasangalala kuti galimoto yalira. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, n'kuyamba kukalipira kofia ya amuna anga imene inali pa msomali. Ndinawanena ngati alipo. Ndinati mwaona kuuma mtima kwanu? Munaopa wakuba amene sanabwere n'komwe, n'kubisira ine amene ndinkagona pambali panu. Nditatopa kuwanena iwo, ndinayamba kudzinena ndekha, ndipo apo ndiye sindinamalize mpaka lero. Funso limodzi lokha, madzulo a Lamlungu lija, likanakwana.

Ashehe anandiuza kuti tsiku la munthu linalembedwa kale, palibe angalisunthe. Ndimakhulupirira zimenezo. Ngati akanapulumuka tikanafika msanga, akudziwa ndi Mulungu yekha. Anthu a m'dera lathu atamva za swichi anasiya nkhani ya mankhwala ija, ena anabwera kudzapepesa mozungulira. Koma zimene zinachitika pampando paja sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga. Pikapu inagulidwa ndi munthu wa ku Mchinji, ndipo tsiku limene ankaitenga ndinamuimitsa pageti, n'kumufunsa ngati ali ndi mkazi. Atavomera, ndinamuuza kuti akangofika kwawo akamuonetse kaswichiko asanamwe n'madzi omwe. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Ndiye abambo amene muli ndi magalimoto, sindikukuletsani kuika swichi ya akuba. Akuba alipodi, ndipo galimoto simuitola pamsewu. Ngati mawaya simuwadziwa, pitani kwa owadziwa. Ngati mukuika nokha, yambani mwamasula batire, ikani fyuzi, polumikiza pakhale polimba ndi pokutidwa bwino. Koma mukamaliza zonsezo musanene kuti ntchito yatha. Amuna anga anachita zonsezo mosalakwitsa, ndipo galimoto yawo sinabedwe, sinapse. Chimene anasiya n'chimodzi, sanauze munthu wa m'nyumba mwawo. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku lina woyendetsa sadzakhala inu, inu mudzakhala katundu wofunika kuthamangitsidwa, mwina pakamwa patatsekeka.

Ndipo inu amayi anzanga, musatengere mtima wanga. Akakuyankhani mokhadzula, psani mtima, n'zololedwa, koma mawa lake funsaninso. Funsani chimene aika m'galimotomo, funsani pomwe chili, muchigwire ndi chala chanu. Musati poti simuyendetsa ndiye sizikukukhudzani. Ndipo galimoto ikakana kulira muli ndi wodwala, musalole anthu ayambe misonkhano pa boneti. Wina athamangire kumsewu nthawi yomweyo.

Abambo, musadikire kuti afunse. Lero lomwe, muli ndi mpweya wanu, itanani akazi anu mukawaonetse. Anga anafuna kundionetsa atatsala ndi mpweya wochepa, ine ndinawagwira manja.